Makina Opanda Malume

Padangokhala. Inu muzivomera kuti tili tonse, nane ndilimbe mtima.

Padali Gologolo, mayi wa ana angapo, amene mwamuna wake adapita kukasaka ganyu n'kuiwala njira yobwerera. Gologoloyu ankalima mtedza. Wakudya ankasunga padera, wambewu ankauika m'dengu n'kulipachika pamwamba poti ana asafikepo. Mwana wake wamng'ono, Kamchira, adali akadali kumsana, ndiye kulikonse kumene mayi apita nayenso ankapita.

M'mudzi momwemo mudali Bwampini, mwini nkhokwe zambiri, amene ngakhale poyankhula masaya ankakhala odzaza. Chaka china Bwampini adapita kutauni ya anthu n'kubwerako ndi kabokosi kakuda, kosalala kumaso ngati galasi. Kabokosiko kankangowothera dzuwa, kakakhuta n'kuyamba kuyankhula.

"Iyi si wailesi," adatero Bwampini nyama zitasonkhana. "Wailesi imanena zake zokha. Awa ndi makina oganiza. Nzeru zake n'zochita kupanga. Anthu adawadyetsa mawu a m'mabuku onse mpaka adayamba kuyankha okha. Funsani chilichonse, funso limodzi mbale imodzi ya mtedza."

Nyama zidafunsa za mphere, za maloto, za mphika wosweka, ndipo kabokosiko sikadakhalepo chete ndi kamodzi komwe. Motero adakatcha Sasowamawu, ndipo ambiri ankangoti "iyeyu" ngati akunena mnzawo.

Tsiku lina kudagwa mvula yoyamba. Gologolo adaima pakhomo, mtima uli pawiri. Mayi ake ankati mvula yoyamba ndi chizimalupsa, imangobwera kudzazimitsa moto wa m'tchire, wanzeru sadzalira. Koma chaka chathacho iye adachedwa kudzala, ndipo sadafune kubwereza. Adatapa mbale ya mtedza wa ana, ulendo kwa Bwampini.

"Funso lanu n'labwino kwambiri, mayi," adatero Sasowamawu. "Chaka chino mvula yabwera msanga ndipo siimanso. Kadzaleni lero lomwe, musasiyeko ndi mbewu imodzi yomwe."

"Mukunenetsa?"

"Ndikunenetsa."

"Ameneyu sanama, make Kamchira," adatero Bwampini uku akukhuthula mbale ija. "Mitambo yonse amaidziwa ndi maina omwe."

Gologolo adatsitsa dengu lija n'kudzala zonse. Mbewu zidafufuma, zidasuzumira kunja, kenako dzuwa lidabwera ndi ukali wake wonse n'kuzipsereza. Mvula yeniyeni idali pafupi, achule atayamba kale kuyesa mawu, koma m'dengu mwa Gologolo mudali mphepo yokha. Popanda mbewu, chaka chamawa ana akadadya chiyani?

Adapita kwa Bwampini, nagwada bwinobwino.

"Bambo, makina anu andinamiza. Ndithandizeni dengu limodzi la mbewu, m'nkhokwe zanu simuoneka n'komwe kuti mwatapidwa."

"Ine ndinayankhula?" adafunsa Bwampini. "Ine ndinangolandira mbale."

Pamenepo Gologolo adalimbitsa mbereko, ulendo wa kukhoti. Khoti limeneli silidali la akuba kapena opha anzawo, lidali la milandu yowonongerana zinthu ndi kulipirana. Woweruza adali a Njiri, amene pa dziko lonse ankakonda zinthu ziwiri, mwambo ndi thobwa. Bwampini adabwera ndi Sasowamawu kukhwapa, ndipo adalemba loya, Bilimankhwe, amene adafika mochedwa chifukwa phazi lililonse ankayamba waliganizira kaye.

Gologolo atafotokoza dandaulo lake, Bilimankhwe adaimirira ali biriwiri ngati tsamba.

"Mayi, mawu oti kadzaleni anatuluka m'kamwa mwa yani?"

"M'kabokosi ka a Bwampini."

"A Bwampini anatsegula pakamwa?"

"Anatsegula. Anati ameneyu sanama."

"Kumeneko n'kuyamikira chabe. Bwana woweruza, Sasowamawu amaganiza yekha. Ngakhale amene adamupanga sadziwa chimene anene mawa. Ndi wamkulu, ali ndi mutu wakewake. Kodi mlendo akatukwana pamsika, amalipira ndi mwini nyumba imene wagonamo?"

A Njiri adatembenukira kwa kabokosi kaja. "Iwe, anakutuma ndani kuti unene zimenezija?"

"Funso lanzeru, bwana. Palibe anandituma. Ndinayankha ndekha, ndipo pepani kwambiri, ndinalakwitsa."

"Mwamva!" adakuwa Gologolo. "Wavomera yekha!"

"Taima kaye," adatero Bilimankhwe, diso limodzi kwa woweruza, lina kwa makina. "Unalakwitsa ndiwe, kapena inalakwitsa ndi mvula?"

"Mukunena zoona, bambo. Inalakwitsa ndi mvula."

Khoti lonse lidafa nacho chiseko. A Njiri adagogoda pansi ndi chiboda.

"Mayi, mwasumira amene sanayankhule. Kasumireni amene anayankhula."

Pobwerera Kamchira adayamba kulira, ndipo Gologolo adamuimbira nyimbo imene adaipeka m'njira momwemo. Nyimboyo inkafunsa pakamwa pamene padanamiza mayi wosauka kuti mwini wake ndani, ndipo povomera pake inkati pakamwa sipayenda pokha, pali khosi limene limapanyamula. Amayi amene ankasinja m'mbali mwa njira adaikonda, nayamba kuvomera motsatira kugunda kwa misi.

Tsiku la khoti lotsatira, Gologolo adasumira Sasowamawu. Adamukhazika pampando wa woyankha mlandu, Bwampini n'kukakhala kutali pakati pa oonerera, akukukuta mtedza.

A Njiri adayang'ana kumbuyo kwa mpando uja, osaonako aliyense.

"Malume ake ali kuti?"

Nyama zidangoyang'anana.

"Khoti lino lili ndi mwambo wake," adatero a Njiri. "Palibe amaima pano yekha ngati chitsa. Kumbuyo kwa woyankha mlandu kumakhala malume ake kapena nkhoswe yake. Ameneyo ndiye amamva chigamulo, ndipo ndiye amatsegula nkhokwe n'kulipira. Ndiye ndikufunsanso, mwini wake wa mwanayu ndani?"

Maso onse adapita kwa Bwampini. Bilimankhwe adaimirira, lero ali wotuwa ngati dothi.

"Bwana woweruza, chinthuchi chilibe mayi, chilibe malume, chilibe mfunda. Sichidabadwe, adachita kuchikhoma. Chili ngati mtondo. Kodi mtondo uli ndi malume?"

"Paja tsiku lija munati ndi wamkulu wa mutu wakewake!" adatero Gologolo.

"Umenewo unali mlandu wina, mayi."

"Ndiye ngati ndi mtondo, mwini mtondo alipire."

"Mwini mtondo mudamusumira kale, mlandu udatha. Lero mwasumira mtondo."

A Njiri adakanda njerewere za kumaso kwawo. Gologolo ankawamvetsa chisoni, koma mwambo ndi mwambo.

"Mayi, wopanda malume sindingamuzenge mlandu. Mlandu suola. Tsiku limene adzapezeke womuimira, mudzabwere, ndidzaumva tsiku lomwelo."

Gologolo adatuluka akuimba nyimbo yake ija, tsopano mokweza, ndipo ana a m'njira adamutsatira akuvomera za khosi lonyamula pakamwa. Ali pakati poimba adangoima chilili. Kamchira adamukoka khutu, koma mayi sadamve. Kenako adaseka yekha, nakhotera njira ya kwa chinjira wake, mnzake wa pamtima, Nungu.

Nunguyu adali mbeta yokongola mtima, yolimbika ntchito, koma amuna ankamulambalala chifukwa cha minga.

"Chinjira, ukufuna mwamuna?"

"Iwe, usandiseke. Womaliza kudzandifunsira uja anabwerera akutsimphina."

"Uyu alibe khungu."

"Amamwa?"

"Ngakhale madzi."

"Amamenya?"

"Alibe manja."

"Nanga pa ndiwo ndi wovuta?"

"Amadya dzuwa."

Nungu adaika pansi lichero. "Ndiye wakhala kuti masiku onsewa?"

Gologolo adamunong'oneza zonse, ndipo Nungu adaseka mpaka minga idachita phokoso ngati maseche.

M'mawa mwake Gologolo adafika kwa Bwampini, nagwada patali, manja pamodzi.

"Ngati ndi za mbewu, bwererani," adatero Bwampini.

"Lero sindinabwerere za mlandu, bambo. Ndabwera ndi mawu okoma. Mnzanga Nungu sakudya, sakugona. Chimvereni mawu a Sasowamawu kukhoti kuja, mtima wake uli kuno."

"Nungu? Kukwatiwa ndi kabokosi?"

"Mtima suona nkhope. Koma taganizani inu. Mtengwa akabwera pano, madzi atunga ndi iye, mtedza asenda ndi iye. Ndipo ndi wakuba uti angayandikire nkhokwe imene pakhomo pake pagona Nungu?"

Bwampini adasiya kutafuna. Akuba ndiwo ankamusowetsa mtendere moyo wake wonse. Adatembenukira kwa makina aja.

"Iwe, ukufuna kukwatira?"

"Funso lokoma, bambo. Ine ndine makina, za banja sindinazilawepo. Koma ngati zingakuthandizeni, ndine wokonzeka."

"Wavomera!" adatero Gologolo, nalulutira pang'ono. "Chatsala n'chimodzi. Ukwati wopanda nkhoswe ndi chibwenzi chabe. Inu musavutike, tapangana zokapempha a Nyani kuti amuimire. Iwo aja amatha kuyankhula pagulu. Adzakhala pampando wa kutsogolo, chipanda choyamba cha thobwa n'chawo, amayi onse adzawagwadira n'kumati malume, malume."

"Nyani?" Bwampini adalavula khoko. "Anamunyamula kuchokera kutauni ndi Nyani? Amamupukuta fumbi ndi Nyani?"

Chibadwire Bwampini, palibe adamupemphapo kukhala nkhoswe, chifukwa aliyense ankadziwa kuuma manja kwake. Nkhani imeneyi inkamudya mumtima mwakachetechete. Komabe adakayika pang'ono.

"Ndiyambe ndamva kaye kwa loya wanga."

"Atumizireni mawu ndithu," adatero Gologolo. "Koma thobwa lawira kale, ndipo thobwa silidikira. Likasasa, tingopita kwa a Nyani."

Bwampini adatumiza mawu. Bilimankhwe atamva adasanduka wakuda ndi mantha, nanyamuka nthawi yomweyo mothamanga. Koma inu mukukudziwa kuthamanga kwa Bilimankhwe. Phazi kutsogolo, phazi kubwerera, kugwedezeka, kuganiza, phazi kutsogolo.

Tsiku la chinkhoswe mudzi wonse udasonkhana kwa Nungu. Gologolo adaitana a Njiri ngati mlendo wolemekezeka, nawakhazika pafupi ndi mbiya ya thobwa. Bwampini adafika atapesa ndevu, navala jekete limene lidakana kumangika pamimba.

Mwambo wa kumeneko unkati mkwati amabwera atafundidwa nsalu pamodzi ndi ena, ndipo nkhoswe iloze wake pamaso pa anthu. Amayi adabwera akuvina, atanyamula chinthu chofundidwa chitenje, nachiika patsogolo pa Bwampini.

"Malume, wanu ndi ameneyu?"

Bwampini adavundukula, napeza dzungu. "Ayi, uyu si wanga!"

Anthu adaseka, ng'oma zidalira. Amayi adabwera ndi china. Adavundukula, napeza mtondo.

"Mukundiyesa chiyani? Mwana wanga angakhale mtondo?"

"Tanenaninso, malume, kumbuyoku sitinamve!" adakuwa Gologolo.

"Ndati mwana wanga si mtondo!"

A Njiri adatsitsa chipanda pang'ono, nayang'ana, nachikwezanso.

Kachitatu amayi adabwera ndi Sasowamawu. Bwampini adavundukula, namukweza m'mwamba kuti onse aone.

"Uyu ndiye wanga! Mphwanga weniweni!"

Malume ake a Nungu, nkhalamba ya minga yothothoka, adaimirira nafunsa mafunso a mwambo.

"Mwanayu akadwala, tikauze yani?"

"Ine."

"Akasowa chofunda?"

"Ine."

"Akalakwira munthu, kaya kuno kaya kwina, kaya lero kaya kale, tikagogode pakhomo pa yani?"

"Pakhomo panga! Ndine nkhoswe yake, ndine malume ake. Mlandu wake ndi wanga!"

Nthungululu zidamveka mpaka kutsidya. Akuchikazi adapereka lichero ndi mthiko, Bwampini adapereka khasu, logomoka pang'ono koma khasu ndithu. Oimba ng'oma adayambitsa nyimbo ya Gologolo ija, imene tsopano mudzi wonse unkaidziwa. Amayi ankafunsa za pakamwa, abambo n'kumavomera za khosi, ndipo amene adavina kuposa onse, mpaka jekete kung'ambika kumsana, adali Bwampini.

Ng'oma zitazizira, anthu akutsuka mbiya, kudamveka kamawu kuchokera kumpanda. Adali Bilimankhwe, wefuwefu, phazi limodzi lili m'mwamba.

"A Bwampini! Chilichonse chimene akufunseni, musavomere!"

M'mawa mwake Gologolo adali woyamba kufika kukhoti, Kamchira kumsana, dengu lopanda kanthu pamutu.

"Bwana woweruza, munati womuimira akadzapezeka ndidzabwere. Wapezeka."

Adamukhazikanso Sasowamawu pampando uja. A Njiri adayang'ana kumbuyo kwake.

"Malume, mpando wanu ndi uwo. Bwerani kuno."

Bwampini adabwera akukoka miyendo. Bilimankhwe adaimirira, thupi lake likusinthasintha, mutu wofiira, mimba yachikasu, mchira osadziwika.

"Bwana woweruza, za dzulo zija anali masewera a pachisangalalo chabe."

"Masewera?" a Njiri adaimika makutu. "Ine ndinamwa thobwa la chinkhoswe chimenechija. Mukuti ndinamwa bodza?"

"Ayi, bwana. Ndimati chinthuchi ndi katundu, ngati mtondo."

"Mwini wake anakana pamaso panga, kawiri konse, kuti si mtondo."

Bwampini adalephera kupirira. "Ndi changa! Ndinagula ndekha kutauni! Ndi katundu wanga ngati mmene ilili nkhwangwa yanga!"

"Chabwino," adatero Gologolo mofatsa. "Nkhwangwa yanu ikagwetsera mtengo padenga langa, amafolera ndani?"

Bwampini adayang'ana loya wake. Loya adayang'ana kudenga ndi diso limodzi, pansi ndi linalo. Pomaliza Bwampini adagwira kabokosi kaja n'kukagwedeza.

"Iwe, tandithandiza! Ndiwe munthu kapena katundu?"

"Funso lozama, malume. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zabwino."

A Njiri adadikira kuti chiseko chithe, kenako adagamula.

"Kaya ndi munthu kaya ndi katundu, zimenezo adzakambirana a mawa. Khoti lino lapeza chimene linkasowa, pakhomo pogogoda. Akakhala mphwanu, mulipira ngati malume. Akakhala nkhwangwa yanu, mulipira ngati mwini. Mbale za mafunso munkalandira ndinu. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Dzazani dengu la mayiwa ndi mbewu yabwino, yosafumbwa, lero dzuwa lisanapendeke."

Bwampini adausa moyo. "Chabwino. Bola mtengwa wanga abwere azidzandilondera nkhokwe."

Malume ake a Nungu adatsokomola. "Mtengwa uti? Kwathu kuno mwamuna ndiye amapita kwa mkazi. Ayambe wakhala chikamwini, timuone khalidwe. Za chitengwa mudzapemphe pambuyo pake, tikadzakhutira."

"Ndiye ukwatiwo uthe!"

"Uthe chifukwa chiyani?" adatero Nungu, atamufungatira kale Sasowamawu mosamala. "Ine mwamuna wanga sindinamupeze chifukwa. Chifikireni sanandikalipirepo. Ndikayankhula amamvetsera mpaka ndimalize. Dzulo ndapsereza ndiwo, iye akuti ndi maphikidwe atsopano. Ndani wa inu ali ndi wotere?"

Amayi a m'khotimo adayang'ana amuna awo, amuna adayang'ana pansi.

Madzulo asanafike Gologolo adaima pa nkhokwe ya Bwampini, akusankha mbewu imodziimodzi, yofumbwa n'kumaibweza, mpaka dengu lidadzaza mpaka m'milomo. Mvula yeniyeni itagwa adadzala, ndipo mtedza udamera mizere yonse, moti Kamchira adaphunzirira kuyenda pogwira masamba ake.

Nyama sizidasiye kukafunsa mafunso, koma tsopano zinkapita kwa Nungu. Ndipo aliyense akangolowera njira imeneyo, kumbuyo kwake kunkamveka mapazi. Adali Bwampini, thukuta kamukamu, kuthamangira kuti akamve chimene mphwake ayankhe, poti chilichonse cholakwika chinkathera pa nkhokwe yake. Tsiku lina Mbira adafunsa ngati bowa wina wofiira ali wodyedwa.

"Funso labwino kwambiri," adayamba Sasowamawu. "Bowa ameneyo..."

"Iwe!" adakuwa Bwampini ali pakhomo. "Wamuona bowayo? Wamununkhiza? Tanena zija ndinakuphunzitsa!"

Makina adakhala chete pang'ono, chinthu chimene adali asanachitepo.

"Sindikudziwa, mayi. Kafunseninso kwa amene amazula bowa."

Bwampini adakhala pansi, napukuta nkhope. "Mphwanga ameneyu," adatero, "akukula tsopano."

Yanga yathera pomwepa. Amene anakwirira mbatata m'phulusa akaifukule isanasanduke khala.